Ndikusaka PA wolandira Medicaid ku South Bend, koma paliponse akundibweza

Funso: Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Ndili pa Healthy Indiana Plan, yomwe ndi mbali ya Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa. BP yanga yakhala ikukwera, ndipo mankhwala omwe anandipatsa ku emergency atsala a masabata atatu. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndisalimbane ndi madokotala, ndipeze physician assistant (PA) chifukwa iwo sachedwa kupezeka. Ndaimba malo asanu ndi limodzi. Ena akuti salandira Medicaid, ena akuti adadzaza, pena nambala siikugwira n'komwe. Ndimupeza bwanji PA wapafupi wolandira khadi langali? Nanga PA ndi yemwe uja kwathu timati medical assistant? Amalume anga ali pa Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, nawonso akufuna kudziwa.

Yankho: Pepani mayi ndi mafoni asanu ndi limodziwo, makamaka poti mumaimba mutachokera ku ntchito yausiku, nthawi yomwe mukanakhala mukugona. Musadzikayikire kuti mwina ndi Chingelezi chanu kapena kafunsidwe kanu. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yolumikiza odwala ndi makiliniki, ndipo kubwezedwa kotereku ndimakuona tsiku lililonse, ngakhale kwa anthu obadwira konkuno.

Chomwe ndikufuna musinthe ndi chimodzi. Mwakhala mukusaka munthu. Sakani khomo. Kuno PA kawirikawiri amalembedwa ntchito ndi kiliniki kapena chipatala, ndipo pangano lolandira inshuwalansi limasainidwa pakati pa kilinikiyo ndi kampani yomwe dzina lake lili pa khadi lanu. Mukapeza kiliniki yomwe ili pa pangano ndi kampani yanu, ndipo ikulembabe odwala atsopano, PA mukamupeza m'katimo. Mukamayenda ndi dzina la PA wotamandidwa ndi anzanu, mutha kukapeza kuti komwe amagwira ntchito khadi lanu sililowa, ndipo iye mwini alibe mphamvu yosintha zimenezo.

Tisanafike pa kasakidwe, ndiyankhe kaye za medical assistant, chifukwa apa anthu akwathu ambiri amasokonezeka, ndipo kusokonezekako kumatha kuwononga tsiku lonse. Kwathu ku Malawi, medical assistant ndi yemwe mumamupeza pa health centre yakumudzi: amamva madandaulo anu, kukupimani, n'kulemba mankhwala m'kabuku kanu kakuchipatala. Kuno mawu omwewo amatanthauza munthu wina. Medical assistant wa ku America ndi uja amakuitanani dzina pakhomo, kukuyezani sikelo ndi BP, kulemba zina pakompyuta, kenako n'kunena kuti dikirani akubwera. Salemba mankhwala ndipo sanena matenda. Ndiye mukaimba foni n'kunena kuti mukufuna kuonana ndi medical assistant, wapadesiki adabwa, mwinanso akulembani tsiku longoyezetsa BP.

Wofanana ndi PA kwathu ndi clinical officer. Inu mukudziwa kuti m'zipatala zathu zamaboma anthu omwe timawatcha adokotala ambiri ndi ma clinical officer ophunzira ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, ndipo ndi omwe amanyamula chipatala, mpaka opaleshoni ya amayi oyembekezera amachita okha. Ganizo lake ndi limodzimodzi: madokotala ndi ochepa, ndiye aphunzitseni ena mozama kwa zaka zocheperapo kuti azigwira mbali yaikulu ya ntchitoyo. Kuno zinayamba mu 1965 pa yunivesite ya Duke ku North Carolina, pomwe Dr. Eugene Stead anatenga asilikali akale apamadzi omwe ankathandiza ovulala n'kuwaphunzitsa udokotala mwachidule. Oyamba anamaliza mu Okutobala 1967. Masiku ano munthu amayamba wapeza digiri yoyamba, kenako n'kuchita maphunziro a masters a miyezi pafupifupi 27, m'menemo muli maola pafupifupi 2,000 ogwira ntchito m'mawodi ndi m'makiliniki. Akakhoza mayeso a dziko lonse amalemba PA-C kumapeto kwa dzina lake. Amaloledwa kulemba mankhwala m'zigawo zonse 50, amaitanitsa zoyeza magazi, amatumiza munthu kwa katswiri. M'zigawo zambiri, kuphatikizapo Indiana, amagwira ntchito pa mgwirizano ndi dokotala, ngakhale dokotalayo safunika kukhala naye m'chipinda. Mukaona pena alemba physician associate musaganize kuti ndi munthu wina. Bungwe lawo la AAPA linavota mu 2021 kuti dzina lisinthe, ndipo chigawo cha Oregon chinayamba kuliika m'malamulo mu 2024. Ntchito ndi yomweyo.

Pa BP ndi shuga, PA wodziwa ntchito yake ndi wokwanira. Matenda amenewa ndi omwe amawaona m'mawa uliwonse.

Tsopano tulutsani khadi lija. Muona kuti pali mayina awiri. Loyamba ndi la pulogalamu ya boma, Healthy Indiana Plan, yomwe ndi mbali ya Medicaid ya akuluakulu a zaka 19 mpaka 64. Lachiwiri ndi la kampani yomwe boma la Indiana linaipatsa ntchito yoyendetsa chisamaliro chanu, monga Anthem, CareSource kapena MHS. Dzina lachiwirili ndi lomwe limatsekula kapena kutseka zitseko. Medicaid si chinthu chimodzi dziko lonse. Ndalama zimachokera ku boma lalikulu ku Washington ndi ku boma la chigawo, koma chigawo chilichonse chimayendetsa mwa njira yake, ndi dzina lake: ku California ndi Medi-Cal, ku Massachusetts ndi MassHealth, ku Tennessee ndi TennCare, ku Seattle komwe kuli abale athu ambiri ndi Apple Health. Ndipo m'chigawo chimodzi momwemo kiliniki itha kukhala pa pangano ndi kampani imodzi koma osati inzake. Amene munakhalapo pa MASM kwathu mukukumbuka kuti musanalowe pachipatala cholipira munkayamba mwafunsa ngati amalandira, ndipo nthawi zina ankafunsanso kuti muli pa sikimu iti. N'chimodzimodzi, kungoti kuno masikimu ndi ochuluka.

Ndiye funso loti kodi mumalandira Medicaid ndi funso lomwe limabweretsa mayankho olakwika mbali zonse ziwiri. Wapadesiki wina ayankha kuti ayi, pomwe kampani yanu amailandira, chifukwa m'mutu mwake Medicaid ndi ija yolipidwa ndi boma mwachindunji. Wina ayankha kuti inde, inu n'kupempha tchuthi kuntchito, n'kukwera basi, kukafika akuti kampani iyi ayi. Ndikukayika ngati pa malo asanu ndi limodzi aja onse anali okanadi. Tchulani mayina onse awiri monga alembedwera pa khadi.

Komabe ndisakunamizeni, kukana kwenikweni kulipo, ndipo gwero lake ndi ndalama. Pa chisamaliro choyambirira, tikatenga dziko lonse pamodzi, Medicaid imalipira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomwe Medicare imalipira pa ntchito yomweyo, ndipo inshuwalansi za kuntchito zimalipira kuposa zonsezi. Kiliniki ya munthu payekha imawerengera: ikalemba odwala a Medicaid ochuluka, lendi ndi malipiro a antchito sizikwana. Choncho ambiri amaika malire. Amasunga odwala akale a Medicaid, koma atsopano salemba. Ndi zomwe amatanthauza akamati adadzaza. Ziwerengero za bungwe la MACPAC, lomwe limalangiza nyumba ya malamulo pa nkhani za Medicaid, zinaonetsa kuti mu 2017 madokotala pafupifupi 74 pa 100 aliwonse ankalandira odwala atsopano a Medicaid, pomwe olandira a inshuwalansi za makampani anali 96 pa 100.

Nanga nambala zosagwira zija? Kampani iliyonse ili ndi mndandanda pa intaneti wa madokotala, ma PA ndi makiliniki omwe ili nawo pa pangano. Yambirani pamenepo ndithu, ikani nambala ya dera lanu (ZIP code), musankhe primary care kapena family medicine. Koma mndandandawo muziutenga ngati mphekesera zofunika kutsimikiza. Mu lipoti la 2014, ofesi yofufuza ya unduna wa zaumoyo kuno inanena kuti inaimbira foni madokotala a m'mindandanda ya Medicaid, n'kupeza kuti oposa theka sakanatha kupereka tsiku kwa wodwala. Pafupifupi 35 pa 100 aliwonse sankapezeka n'komwe pamalo omwe analembedwa. Zaka zapita, koma ine ndimakumanabe nazo. Ndili watsopano pa ntchitoyi ndinakhulupirira mndandanda wotere, n'kutumiza bambo wina wodwala shuga ku adiresi yomwe inalembedwa bwinobwino, ndi nambala ya chitseko yomwe. Bamboyo anakwera mabasi awiri mu Januwale, chipale chofewa chili mbee, kukafika anapeza mawindo omata mapepala ndi chikwangwani choti nyumbayo ikufuna wochita lendi. Anandiimbira ali pomwepo, mano akugundana, n'kungoti, mayi, kuno kulibe chipatala. Kuyambira tsiku limenelo sindipereka adiresi yomwe sindinamve mawu a munthu wapamenepo.

Pa ma PA mindandandayi imavutanso mwa njira ina. Makiliniki ena amatumiza mabilu m'dzina la dokotala kapena la gulu lonse, ndiye PA amene amaona odwala tsiku ndi tsiku sapezeka mukamusaka ndi dzina. Mutha kusaka physician assistant n'kuona atatu okha m'tauni yonse, pomwe alipo ambirimbiri obisika kuseri kwa mayina a makiliniki. N'chifukwa chake ndikuti sakani khomo.

Foni yanu yoyamba mawa isapite ku kiliniki. Tembenuzani khadi, kuseri kuli nambala ya Member Services. Imbani imeneyo, pepala ndi cholembera zili pafupi, ndipo konzekerani kudikira ndi kanyimbo kawo kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayankha, auzeni kuti mwaimba malo asanu ndi limodzi, atchuleni mayina, ndipo munene kuti mankhwala a BP atsala a masabata atatu. Musavomere kuti angokuwerengerani mayina a pamndandanda womwe uja. Pemphani kuti aimbire kiliniki inu muli pa foni pomwepo, mulankhule atatu, mpaka tsiku lipezeke. Ambiri amachita zimenezi munthu akapempha, koma sayamba okha kunena. Ili si phwando lomwe akukuchitirani chifundo. Kampaniyo imalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku boma chifukwa cha dzina lanu, mudwale musadwale, ndipo malamulo a boma lalikulu amaikakamiza kukhala ndi opereka chithandizo okwanira. Ikalephera kukupezerani m'gulu lake, iyenera kukulipirirani kwa wina wakunja kwa gululo. Musanadule foni funsani dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya nkhani yanu, mulembe pamodzi ndi tsiku. Zikakanika, nenani kuti mukufuna kupereka dandaulo, lomwe iwo amati grievance. Mawu amenewo ali ndi njira yake yolembedwa komanso nthawi yoyankhira, ndipo mukawatchula nkhani imachoka m'manja mwa woyankha foni n'kupita patsogolo.

Pafoni yomweyo funsani kuti kodi anakulemberani kale ndani ngati woyang'anira thanzi lanu. Ku Indiana amati PMP, kwina amati PCP. Munthu akapanda kusankha, kampani imamusankhira, ndipo kalata yake imabwera m'gulu la makalata omwe ambirife timangowaunjika pamwamba pa firiji. Mwina muli kale ndi kiliniki yomwe dzina lanu lili m'kaundula wake, ndipo kumeneko simuli mlendo wopempha malo. Ngati ili kutali kapena simukuifuna, mutha kusintha. Dziwaninso kuti dzina lolembedwa litha kukhala la dokotala, koma wokuonani n'kukhala PA wa pakiliniki yomweyo. Zimenezo n'zololedwa ndipo n'zofala. Mukamapempha tsiku ingonenani kuti mulibe vuto kuonedwa ndi PA, kapena kuti ndi amene mukumufuna.

Mukanati mundifunse komwe ineyo ndingatumize mchemwali wanga, ndikanati ku community health center. Awa ndi makiliniki omwe amalandira thandizo la boma lalikulu kuti azitumikira anthu opeza zochepa, pamapepala amalembedwa FQHC. Anayamba mu 1965 ku Columbia Point mu mzinda wa Boston, kenako ku Mound Bayou ku Mississippi, ndipo lero amaona anthu oposa 30 miliyoni pachaka. Medicaid ndiye mzati wawo waukulu, chifukwa boma limawalipira mwa njira ina yoganizira ndalama zomwe amawonongadi, kotero wodwala wa khadi ngati lanu sakhala mtolo kwa iwo. Ma PA ndi ma nurse practitioner (anamwino ophunzira mozama) ndi ambiri m'menemo. Pa tsamba la findahealthcenter.hrsa.gov mumangolemba nambala ya dera lanu, n'kuona omwe ali pafupi. Kumbali yanu ya South Bend ndi Mishawaka kuli mabungwe monga HealthLinc ndi Indiana Health Centers. Imbani mufunse ngati ali pa pangano ndi kampani yanu komanso kuti tsiku lapafupi ndi liti.

Pali chifukwa china chomwe ndimawakondera, chokhudza anthu a ntchito ngati yanu. Mwezi wina maola owonjezera amachuluka, malipiro n'kudumpha malire, Medicaid n'kuduka. Pakiliniki ya munthu payekha, khadi likaduka ubale umatheranso pomwepo. Pa community health center mumapitirira kuonedwa ndi PA yemweyo, kungoti mumalipira mtengo wotsitsidwa molingana ndi zomwe mumapeza ndi kukula kwa banja lanu, ndipo lamulo lawo ndi loti asabweze munthu chifukwa chosowa ndalama. Ambiri alinso ndi malo ogulira mankhwala pamtengo wotsika, ndi munthu wothandiza kulemba mafomu a Medicaid. Zovuta zake zilipo: m'chipinda chodikirira mumakhala anthu ambiri, foni imatha kulira nthawi yaitali, ndipo antchito amasinthasintha. Koma poyerekeza ndi mizere ya pa Queens kapena pa Central yomwe tinakuliramo, muona kuti n'zopiririka.

Kwa ena owerenga omwe muli m'matauni ang'onoang'ono, kumafakitale a nyama kapena kumafamu, sakani rural health clinic, kiliniki yakumudzi. Makiliniki amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1977, ndipo malamulo ake amafuna kuti PA, nurse practitioner kapena mzamba azipezekapo osachepera theka la nthawi yomwe kilinikiyo ili yotsekula. Kumeneko PA ndiye mwini bwalo.

Apa ndinenepo maganizo anga pa uphungu wa mnzanu uja. Wanena zoona kuti tsiku la PA limapezeka msanga kusiyana ndi la dokotala. Koma musaumirire zilembo ziwirizo. Nurse practitioner, yemwe amalemba NP kapena FNP, ndi namwino wophunzira mpaka masters kapena kuposerapo, ndipo pa chisamaliro choyambirira amachita ntchito yofanana ndi ya PA: kupima, kunena matenda, kulemba mankhwala. Akakuuzani kuti PA alibe malo mpaka mwezi wamawa koma NP ali ndi malo Lachinayi, tengani Lachinayi. Chimodzimodzi makiliniki ophunzitsira madokotala a family medicine, omwe nthawi zambiri amalandira Medicaid. Zoti ma PA amamvetsera kwambiri kuposa madokotala, ine ndaona ofatsa ndi opupuluma mbali zonse. Zimatengera munthu ndi kuchuluka kwa odwala omwe abwana ake amuunjikira patsiku.

Mukamaimba ku kiliniki, mafunso anu akhale atatu motsatana. Kodi muli pa pangano ndi kampani yakuti pa Healthy Indiana Plan? Kodi mukulemba odwala atsopano a khadi limeneli? Tsiku lapafupi ndi liti, kwa aliyense amene ali ndi malo? Mawu awo ndi in-network ndi new patient, ndipo mukawagwiritsa ntchito wapadesiki amadziwa msanga chomwe mukufuna. Akakupatsani tsiku lakutali, litengeni kaye, kenako pemphani akuikeni pa mndandanda wa oimbiridwa wina akalephera kubwera. Poti mumagwira usiku, muli ndi mwayi womwe ena alibe: mutha kufika masana atakuimbirani m'mawa womwewo. Auzeni zimenezo. Lolemba m'mawa mafoni amakhala odzaza, ndi bwino kuimba pakati pa sabata. Ndipo tsiku likaperekedwa musaliphonye osadziwitsa, chifukwa makiliniki ambiri amachotsa munthu m'kaundula akajomba kawiri kapena katatu, makamaka wodwala watsopano. Ngati mayendedwe ndi ovuta, funsani a kampani yanu ngati amapereka galimoto yopita kuchipatala. Imafunika kupemphedwa pasadakhale masiku angapo.

Za masabata atatu aja ndi zomwe zikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Mankhwala a BP musawadule pakati kuti akhalitse, ndipo musabwereke a mnzanu chifukwa choti nayenso ndi a BP. Mitundu yake ndi yosiyana, ndipo ina ikasiyidwa mwadzidzidzi BP imalumpha kuposa poyamba. Mukaona kuti tsiku lomwe mwapatsidwa lidzafika mankhwala atatha, nenani pomwepo kwa wapadesiki, mupemphe kulankhula ndi namwino. Njira ina ndi urgent care, kiliniki yomwe mumangofika osakonza tsiku, bola ikhale pa pangano ndi kampani yanu. Kumeneko nthawi zambiri wokuonani amakhala PA yemwe mukumufunayo, ndipo atha kukulemberani mankhwala a mwezi umodzi okufikitsani pa tsiku lanu. Tengani botolo lenilenilo. Kuseri kwa khadi kumakhalanso nambala ya namwino woyankha usana ndi usiku. Koma mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu woopsa wosazolowereka, kuona zinthu mwachimbuuzi, dzanzi mbali imodzi ya thupi kapena lilime kulemera, musasake PA. Imbani 911. Lamulo la 1986 lotchedwa EMTALA limakakamiza zipatala zolandira Medicare, zomwe ndi pafupifupi zonse, kupima ndi kuthandiza aliyense wofika ku emergency posayang'ana khadi, ndipo pa ngozi yeniyeni Medicaid imalipira ngakhale chipatalacho chisakhale pa pangano ndi kampani yanu.

Mukapatsidwa dzina la PA, mutha kulitsimikiza mphindi ziwiri. Bungwe la NCCPA, lomwe limapereka masatifiketi kwa ma PA, lili ndi tsamba loonetsa ngati satifiketi yake ili yamoyo, ndipo Indiana Professional Licensing Agency imaonetsa chiphaso chake ndi chilango chilichonse chomwe analandirapo. Nyenyezi zomwe anthu amapereka pa Google musazidalire kwambiri. Madandaulo ena amakhala a malo oimika galimoto ndi a wapadesiki.

Tsiku loyamba tengani khadi, chiphaso chokhala ndi chithunzi, mapepala a ku emergency, ndi mabotolo onse m'kathumba, kuphatikizapo zomwe simumaziwerengera ngati mankhwala: ibuprofen wa msana womwe umapweteka chifukwa chonyamula okalamba, mankhwala a chimfine, zakumwa zoletsa tulo zomwe mumamwa pa shifiti, ufa wa moringa kapena mizu yomwe achibale anakutumizirani. Ibuprofen ndi mankhwala ena a chimfine amakweza BP, ndipo PA sangalote kuti mumamwa. Muuzeninso kuti mumagwira usiku, chifukwa akalemba kuti imwani m'mawa, m'mawa wanu ndi wake ndi wosiyana, ndipo mankhwala ena amakodzetsa. Poti kuntchito kwanu makina oyezera BP alipo, yezani masiku angapo mulembe manambala ndi nthawi yake. Kapepala kameneko kamathandiza kuposa muyezo umodzi wa m'kiliniki, pomwe munthu amakhala atathamangira basi, mtima uli m'mwamba.

Inu Chingelezi mumachitha, koma kwa amalume kapena aliyense amene nkhani za m'thupi amazifotokoza bwino m'chinenero chathu, womasulira ndi ufulu wake ndipo salipira. Makiliniki olandira ndalama za boma lalikulu amamangidwa ndi lamulo la ufulu wa anthu la 1964 pa nkhaniyi. Pemphani pokonza tsiku, chifukwa womasulira Chichewa sapezeka msanga ngati wa Chisipanishi. Akati chinenerocho sakuchiona pa mndandanda wawo, auzeni asake Nyanja kapena Chewa. Musatenge mwana kuti azikamasulira za matenda a akuluakulu.

Pakabwera bilu pakhomo, musathamangire kulipira. Kiliniki yomwe yakulandirani ngati wodwala wa Medicaid siloledwa kukulipiritsani zotsala pa chithandizo chomwe Medicaid imalipira, kupatula kandalama kochepa komwe pulogalamu yanu ingakhale itaika. Nthawi zambiri bilu yotere imabwera chifukwa nambala ya khadi sinalembedwe bwino, kapena magazi anatumizidwa ku labu yomwe sinapatsidwe khadilo. Imbani ku kiliniki, kenako ku kampani. Ndipo makalata ochokera ku FSSA, ofesi ya Indiana yoona za Medicaid, muziwatsekula tsiku lomwelo. Boma litayambiranso kuunika anthu mu 2023 mliri wa Covid utatha, anthu oposa 20 miliyoni dziko lonse anachotsedwa pa Medicaid, ambiri mwa iwo chifukwa cha mapepala osabwezedwa. Lamulo lomwe linasainidwa mu Julaye 2025 likubweretsa kuunika kwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse komanso umboni wa maola 80 a ntchito pamwezi kwa akuluakulu ambiri a m'gulu lanu. Maola inu muli nawo, koma sungani mapepala a malipiro, ndipo mukasamuka nyumba adziwitseni.

Tsopano amalume. Medicare ndi ya boma lalikulu, ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi ena olumala, ndipo kasakidwe kake kamadalira khadi lomwe amatulutsa akafika kuchipatala. Ngati ndi lija la mitundu itatu, yofiira, yoyera ndi yabuluu, ndiye kuti ali pa Medicare yoyambirira, ndipo atha kupita kwa aliyense wolandira Medicare kulikonse m'dziko muno. Pa medicare.gov pali malo otchedwa Care Compare pomwe ma PA amasakika ndi dera, kapena aimbe 1-800-MEDICARE. Kwa iwo zitseko zotseka ndi zochepa. Palinso kaphindu kakang'ono: Medicare imalipira PA 85 pa 100 ya mtengo wa dokotala, ndipo PA amakakamizidwa kulandira mtengo womwe Medicare yaika osawonjezerapo. Gawo la wodwala ndi 20 pa 100, akamaliza kulipira ndalama yoyamba ya pachaka, yomwe mu 2025 inali madola 257. Ndiye pomwe dokotala mtengo wake ndi madola 100 n'kumutengera wodwala 20, kwa PA mtengo ndi 85 ndipo wodwala amapereka 17. Zimasintha pokhapokha kiliniki ikatumiza biluyo m'dzina la dokotala, zomwe zimaloledwa pa maulendo ena obwereza.

Koma ngati amalume amatulutsa khadi la kampani, ndiye kuti ali pa Medicare Advantage, ndipo zonse zomwe ndakuuzani za mapangano, mindandanda yachikale ndi nambala ya kuseri kwa khadi zikuwakhudza ndendende. Okalamba ambiri sadziwa kuti ali mbali iti, chifukwa analembetsa pafoni ndi wotsatsa malonda yemwe anawalonjeza magalasi ndi mano. Akuonetseni makhadi onse omwe ali m'chikwama chawo. Akafuna kusintha, nyengo yake ndi kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala chaka chilichonse, ndipo chigawo chilichonse chili ndi alangizi aulere a SHIP omwe sagulitsa inshuwalansi iliyonse. Ngati amapeza zochepa kwambiri, afunsenso ngati angakhale pa Medicare ndi Medicaid pamodzi. Akakhala pa pulogalamu yotchedwa QMB, kiliniki siloledwa kuwalipiritsa ngakhale 20 pa 100 uja, ndipo azionetsa makhadi onse awiri ulendo uliwonse.